Mahatchi Mazana Asanu ndi Awiri, Khasu Limodzi

Chaka chimene ndinachoka kwathu sindichikumbuka. Chimene ndimakumbuka n'chakuti achemwali anga, aNachanza, anandiperekeza mpaka pamphambano, pamene msewu wa ngolo wochokera kumudzi kwathu umakumana ndi msewu wa phula. Chikwama changa anasenza ndi iwo, ngakhale ndinali kale mwamuna wa ndevu zanga. Ndi iwo anandilera makolo athu atamwalira, ndiye za ndevuzo analibe nazo ntchito. Basi itatulukira patali, ndinaona kuti atsinzina diso lakumanzere, akuiyang'ana ndi lakumanja lokha.

"Disolo latani, achemwali?"

"Kachifunga chabe. Kayamba chaka chino."

"Ndikangopeza galimoto ndidzabwera kudzakutengani pakhomo, tikaonetse kwa madokotala a maso."

Anaseka mpaka chikwama chinapendama pamutu. "Galimoto yanuyanu, achimwene?"

"Yangayanga."

"Chabwino. Ndidikira."

Ine ndinangolankhula poti munthu potsanzikana umayenera kunenapo kanthu. Iwo anatola mawuwo n'kubwerera nawo kumudzi.

Ndinayenda m'matauni ambiri. M'tauni ina ndinkatsuka mathiraki a eni ake, mu ina ndinkamanga katundu ndi zingwe, mpaka dalaivala wina wodwala msana anandiphunzitsa kuyendetsa kuti iye azigona kumbuyo. Ndinaphunzira kudikira pamaboda masiku asanu osadandaula, kuphika pansi pa thiraki, ndi kusunga ndalama m'sokosi. Foni ndinali nayo, koma ikalira nambala yakumudzi ndinkangoiyang'ana mpaka itasiya yokha. Ndikanati chiyani? Kwathu munthu amene wakhalitsa kunja salowa m'mudzi wapansi. Akalowa wapansi, chikwama paphewa, amayi amagwira pakamwa, amuna amayang'ana kumbali, ndipo dzina lakuti mtchona limamukakamira mpaka kumanda. Nanga ine amene ndinachita kulonjeza galimoto?

Tsiku lina ndinapita kukagula pikapu. Mundimvetse bwino pamenepa, chifukwa anthu amati uchitsiru ndinabadwa nawo. Ndinapita kukagula pikapu, yakale, yotalika miyendo, yoti n'kunyamula wodwala ndi matumba a chimanga omwe. Mwini wake ankasamukira kutsidya kwa nyanja ndipo ankagulitsa chilichonse, ndi mapoto omwe. Kuseri kwa pikapuyo kunali chinthu china chofunditsidwa chinsalu, ndipo ine ndi pakamwa pangapa ndinafunsa kuti n'chiyani.

Anavundukula. Inali yofiira, yazitseko ziwiri, yotakata pachifuwa, yogona pansi ngati ng'ona yowothera dzuwa. Chiwongolero chinali kumanzere. Anatsegula boneti n'kundionetsa injini ya masilinda asanu ndi atatu, pamwamba pake patakhala chibokosi chachitsulo.

"Ichi ndi supachaja," anatero mwini wake uja. "Amakanika amangoti bulowa. Amakankhira mpweya mu injini mokakamiza, ndiye moto umakula. Apa pali mphamvu ya mahatchi mazana asanu."

Ine mahatchi ndinangowaonapo pachithunzi. Koma atailiza, nthaka inanjenjemera, ndipo pamwamba pa kubangula konseko panamveka kamluzu kosongoka ka bulowa uja. M'maganizo mwanga ndinaona mudzi wonse utatuluka, achemwali ataima pakhomo atagwira pachifuwa. Za msewu wakwathu, umene ndinauponda ndi mapazi angawa kuyambira ndili wamng'ono, sindinaganizeko ngakhale pang'ono. Ndinakhuthula zonse za m'sokosi, pikapu n'kuisiya ili pomwepo.

Pa phula inkauluka, ndisanamizire. Apolisi pamalodibuloko ankapita pawindo lakumanja n'kupatsa moni mpando wopanda munthu, ine ndili kumanzere kuno kuseka chamumtima. Ndinafika pamphambano yathu dzuwa lili paliwombo.

Msewu wakwathu anaupanga ndi ngolo. Matayala a ngolo anakumba ngalande ziwiri, uku ndi uku, ndipo pakati panatsala mtumbira wautali, womera udzu, wouma gwa. Pikapu imadutsa pamwamba pake osaukhudza. Njinga imayenda m'ngalande imodzi. Koma galimoto yanga, kuchokera pansi kufika pamimba pake, panali zala zinayi zokha. Ndinalowa mapazi makumi awiri, kenako khwee, gu. Nditatsika ndinapeza oyilo wakuda akuchucha pa udzu.

Pamphambanopo panali mayi wina wogulitsa chinangwa chophika m'beseni. Anaonerera zonse osaphethira.

"Bambo, isiyeni pano, ndikuyang'anirani," anatero mayiyo. "Yendani wapansi, mukafika dzuwa lisanapendeke."

"Wapansi?"

"Ee. Miyendo muli nayo."

"Mayi, galimoto iyi mukuiona bwinobwino?"

"Ndikuiona. Ikutuluka magazi."

Ndinakwiya, koma ndinkafuna munthu womutuma. Ndinati akaona wopita kumudzi amuuze akauze aNachanza kuti mlongo wawo wafika pamphambano ndi galimoto, akukangokonzetsa kanthu kakang'ono, abwera. Mayiyo anavomera ndi mutu. Lole ya mchenga inandikoka kubwerera pa phula mpaka m'tauni yoyandikana.

M'tauni imeneyo munali galaja ya pansi pa mtengo wa mango, ya makanika wina dzina lake aSandalamu. Anawotcherera sampu, chibeseni cha pansi pa injini chimene chimasunga oyilo, kenako anazungulira galimoto katatu, manja ali kumbuyo.

"Munalowa bwanji pamtumbirapo?"

"Pang'onopang'ono."

"Ndiye vuto limenelo. Galimoto ngati iyi siinyengerera msewu. Mukalowa ndi mphamvu imangopala n'kudutsa. Kungoti mphamvu yake ikuchepa. Tiike puli yaing'ono pa bulowa, azizungulira mofulumira, muone zake."

Puli ndi kagudumu kamene lamba wa injini amakokapo. Tinaitanitsa kunja, ndipo inayenda dzinja lathunthu. Podikira ndinkagona m'galimoto momwemo n'kumagwira ntchito kwa aSandalamu. Ndinaphunzira kudziwa sipanala pongoiyang'ana, kumva injini yodwala ndi khutu, ndi kuuza mwini galimoto kuti abwere mawa ndi nkhope yoona mtima. Ndinaphunziranso chikhulupiriro cha amakanika a pansi pa mitengo, chakuti galimoto ikakanika chinthu ndiye kuti yachepa mphamvu. Puli itafika, kamluzu kaja kanasanduka kulira kwenikweni. aSandalamu anati tsopano mahatchi afika mazana asanu ndi limodzi, ndipo anapukuta boneti ndi malaya awo.

Ndinabwerera pamphambano. Mayi uja anali pomwepo, koma tsopano ankagulitsa mbatata. Sindinamupatse ndi moni womwe. Ndinabwerera m'mbuyo pa phula kuti ndipeze pothamangira, n'kuponda mafuta mpaka pansi. Ndinalowa mapazi makumi asanu. Bampala yakutsogolo inatsala pamtumbira, ekizozi yonse inasomphoka n'kugona m'ngalande, ndipo mutu wanga unagunda denga mpaka ndinaluma lilime.

Mayi uja anabwera akupukuta manja pachitenje.

"Uthenga wanu unafika," anatero. "Madokotala a maso anabwera pachipatala cha pamsewupa mwezi wathawu. aDzonzi, alamu awo aja, anamanga ng'ombe pangolo kuti awatenge. Anakana. Ati achimwene ali pamphambano, akandipeza kulibe."

"Nanga diso?"

"Lakumanzere latha. Lakumanja likuona. Isiyeni pano, bambo, ndikuyang'anirani."

Ndinayang'ana galimoto yogulukagulukayo, ndinayang'ana msewu. Ndinkachita manyazi kwambiri. Ndikanalowa m'mudzi tsiku limenelo, magazi pakamwa, wapansi, anthu atamva kale kuti ndili ndi galimoto, ndikanakhala nthabwala ya pamaliro paliponse. Ndinati, "Mukawauze kuti kwatsala pang'ono." Ndinatola ekizozi n'kuiika pampando wopanda munthu uja.

Tauni yotsatira inali ya owotcherera zitsulo okhaokha. Msewu wonse unkathwanima, ndipo agalu akumeneko ankayenda atatsinzina. Ndinapeza mkulu wina, Che Jafali, amene ankapanga mageti ndi mabedi. Ataona galimoto anaika pansi geti la mwini wake osalimaliza.

"Mapaipi awa anali aang'ono," anatero. "Injini imabanika. Ndikupangirani aakulu, ipume bwino. Matayalanso awa ngoonda. Pezani otakata, azigwira dothi."

Ndinakhala kumeneko nthawi imene sindingaiwerenge. Ndinaphunzira kudula paipi, kupinda, kulumikiza. Tsiku lina ndinawotcherera kuyambira m'mawa mpaka madzulo popanda galasi lakuda loteteza maso, poti ndinkafulumira. M'mawa mwake maso anakana kutseguka. Munkangokhala ngati wina wathiramo mchenga, misozi ikungoyenderera. Che Jafali anadula mbatata ya kachewere tizidutswa topyapyala, kundiika pazikope, n'kumanga ndi kansalu.

"Masiku awiri, muona," anatero. "Aliyense pano zinamuchitikirapo."

Masiku awiri amenewo ndinakhala pabenchi ndikumva dziko likudutsa. Ndinkafufuza kapu ya madzi ndi manja. Ndinkaopa kuimirira. Ndinalira, ndipo Che Jafali ankayesa ndi misozi ya moto ija. Ndinalumbira mumtima kuti maso akatseguka ndinyamuka tsiku lomwelo, kaya pabasi, kaya wapansi. Tsiku lachitatu anatseguka, ndipo choyamba kuona chinali galimoto itaima padzuwa ndi mapaipi anayi onyezimira, matayala otakata ngati mitondo. Ndinati ndiyeseko kamodzi kokha.

Pamphambano mayi uja ankagulitsa nthochi, ndipo m'mutu mwake munali mutayamba imvi. Mapaipi atsopano aja ankalendewera m'munsi kuposa akale. Matayala otakata aja sankalowa m'ngalande za ngolo. Galimoto inakwera mtumbira n'kukhalapo ndi mimba, matayala akumbuyo akuzungulira m'malere, injini ikubangula moti nkhuku za m'midzi yapafupi zinathawira kuthengo. Sindinafike ndi pamene ndinafika ulendo woyamba uja.

"Madokotala anabweranso," anatero mayi uja. "Anakananso. Lakumanja layamba chifunga."

Sananenenso zoti ndiisiye. Anangondipatsa nthochi imodzi n'kubwerera pabeseni lake.

Ndinamva kuti mumzinda waukulu muli mayi wina, Mayi Chiwaula, amene sagwira sipanala koma amalankhula ndi galimoto kudzera pakompyuta. Ndinapita. Galaja yake inali yoyera, pansi pake poti n'kudyerapo. Analumikiza chingwe pansi pa chiwongolero, nakhala masiku atatu akusinthasintha manambala. Atamaliza anandionetsa mzere wokwera pakompyutapo.

"Mahatchi mazana asanu ndi awiri," anatero. "Koma kuyambira lero musamaithire petulo wa m'zigubu wa m'mbali mwa msewu, muiphulitsa. Mpikisano wake uli kuti?"

"Si mpikisano, mayi. Ndikufuna ikafike kumudzi."

Ndinamufotokozera za ngalande, za mtumbira, za achemwali. Anavula magalasi n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo, mukananena tsiku loyamba. Vuto lanu si mphamvu. Galimotoyi ndi yaifupi, basi. Anaipangira msewu wosalala, ndipo kuikweza kufika pa ngolo sizingatheke popanda kuiphwasula yonse. Igulitseni mugule pikapu."

Ndinayesa, Mulungu akudziwa. Ndinaiimika pamisika, pamabanki, pamahotela. Anthu ankabwera, kujambulitsa atatsamira boneti, kundipempha kuti ndiilize. Akamva mmene imamwera petulo, akaona chiwongolero cha kumanzere ndi zitseko ziwiri, ankathokoza n'kumapita. Wina anafunsa ngati ingalowe mbuzi. Kuisiya sindikanatha, chifukwa moyo wanga wonse unali mmenemo, ndipo ndikangochoka theka la ola ndinkapeza wina akuyesa magalasi am'mbali ndi sikuludiraiva. Ndinkagona m'menemo, kudyera m'menemo, kuyanika zovala pachitseko. Loweruka ndinkanyamula akwati kuti ndipeze ya petulo, ndipo mkwatibwi aliyense ankatuluka akudandaula kuti diresi lakwinyika. Ndinkadana nayo galimotoyo, koma m'mawa uliwonse ndinkaipukuta.

Ulendo wachinayi ndinafika pamphambano ndilibe nzeru ina iliyonse. Mayi uja anali atakalamba, ndipo beseni analibe. Anali atayala makasu pathumba, okhomera kale m'mipini.

"Mwasiya zakudya?" ndinafunsa.

"Nyengo yake ndi ya makasu."

Ndinayang'ana makasuwo, ndinayang'ana mtumbira. Ndinagula limodzi.

Ntchito yake inali yotere. M'mawa ndinkagumula mtumbira kutsogolo kwa galimoto, dothi lake n'kukwirira m'ngalande, kupondaponda ndi mapazi mpaka pasalale. Dothi la msewu wa ngolo ndi louma kuposa la chulu, ndipo khasu linkadumpha n'kundibwezera m'mapewa. Dzuwa likapendeka ndinkalowa m'galimoto, kuliza mahatchi mazana asanu ndi awiri aja, kusuntha mapazi khumi kapena khumi ndi asanu, n'kuzimitsa. Kamba ndi nkhono zinkandipitirira. M'manja munatuluka matuza, anaphulika, munauma.

Angolo akandipeza ankapatukira m'minda ya eni ake, akutukwana, ndipo eni minda nawo ankabwera kudzatukwana ine. Anthu akwathu ankadutsa panjinga, ena amene ndinaphunzira nawo sukulu. Ndinkatsitsa chipewa kumaso, koma ankandidziwa bwinobwino.

"Mwaswera bwanji, a galimoto?"

"Ndaswera."

"Tikawauze chiyani achemwali?"

"Kuti ndayandikira."

Manyazi amene ndinkawathawa zaka zonse zija anali atandipeza kale pamsewu pomwepo, koma ndinkangolimabe. Ndinamva kuti ena anauza achemwali kuti abwere adzandione, poti sipanali patali. Iwo anakana. Anati mlongo wawo ananena kuti adzawatenga pakhomo, ndiye kumutsatira panjira n'kumuchititsa manyazi.

Mvula inagwa, inasiya, inagwanso. Tsiku lina ndinacheuka n'kuona kuti kumbuyo kwanga ngolo zabwerera m'njira mwake, zakumbanso ngalande zija, ndipo mtumbira wameranso ndi udzu wake womwe, ngati sindinaukhudzepo. Kutsogolo mtumbira, kumbuyo mtumbira. Galimoto inali ndi kamalo kake kosalala kotalika ngati iyo yomwe, ndipo kamaloko kankayenda nayo.

Pakati pa ulendo, msewu wathu umadutsa pamalo ena opanikiza. Kumanja kuli thanthwe lalitali, kumanzere chigwembe chakuya chimene madzi anakumba. Pamenepo ngolo ziwiri sizipatukirana, ndipo palibe munda woti n'kuzembera. Ndinalowa pamenepo kumayambiriro kwa chilimwe. Dothi lake linali la miyala, moti ndinkasuntha mapazi atatu patsiku. Angolo anayamba kuzungulira njira ya kuphiri, yotenga tsiku lathunthu, ndipo anasiya kundipatsa moni.

M'mawa wina ndili weramu, ndinamva mabelu a ng'ombe kuchokera kumudzi. Ngolo inatulukira pakona n'kuima, ng'ombe zitatsala pang'ono kununkhiza boneti. Woyendetsa anali aDzonzi, alamu awo a achemwali, ndevu zitayera mbuu. Kumbuyo kwawo, pamphasa, panakhala mayi wamng'ono thupi, atafunda chitenje kumutu, nkhope atalozetsa kumwamba. Zinanditengera nthawi kuti ndiwazindikire.

"Chotsani chinthu chanuchi," anatero aDzonzi. Sanakweze mawu. "Madokotala akupakira lero masana, ndipo akuti sabweranso posachedwa. Njira ya kuphiri sitingafike. Ndachita kuwanyamula mokakamiza awa, akukana, akulira. Chotsani."

"Singabwerere m'mbuyo, alamu. Mtumbira."

"Ndiye bwerani kutsogolo, ine ndibweze ng'ombe."

"Kutsogolonso mtumbira."

"Ndiye tiigwetsere m'chigwembemu."

Ndinavomera. Ndikunena zoona, ndinavomera ndi mtima wonse, ndipo ndinayamba ndine kuika phewa pachitseko. Tinakankha awiri mpaka misempha ya m'khosi inatuluka. Matayala otakata a Che Jafali aja anagwira dothi monga momwe anandilonjezera. Sinasunthe ngakhale chala chimodzi.

"Kodi taimiranji, alamu?" anafunsa achemwali pangolopo. "Ndi ndani akupumira m'mwambayo?"

aDzonzi anandiyang'ana. Ndinavula chipewa, ngakhale panalibe woti aone.

"Ndine, achemwali."

Achemwali anatembenuza nkhope, kuphonya pang'ono pamene ndinaima.

"Achimwene. Mwaonda mawu." Anakonza chitenje. "Mwaona, alamu? Ndinkanena ine kuti tisemphana nawo panjira. Galimoto ili kuti?"

"Ndi imene yatseka msewuyi," anatero aDzonzi. "Tikufuna tiigwetse."

"Musayerekeze. Munthu wavutikira zaka zonsezi."

Ndinataya khasu. Ndinapita kumbuyo kwa ngolo, kutembenuka, n'kugwada.

"Kwerani kumsana, achemwali."

"Anthu aona."

"Aone."

aDzonzi anawathandiza kutsika, natimanga pamodzi ndi chitenje chija, mfundo pachifuwa panga. Anali opepuka moti ndinachita mantha. Pakati pa galimoto ndi thanthwe panali mpata wongokwana munthu mmodzi woyenda cham'mbali. Tikudutsa, anatambasula dzanja n'kulitsetsereka padenga, pagalasi, mpaka kumbuyo.

"Yosalala," anatero. "Yotentha. Ndi yamtundu wanji?"

"Yofiira."

"Ndikuona kufiirako pang'ono."

Makiyi ndinawasiya momwemo, chitseko chili pululu. Ndinayenda m'ngalande yakumanja, mmene mumayenda njinga. Msewu umene ndinaulima miyezi yosawerengeka ndinaudutsa dzuwa lisanafike pamutu. Ananditchulira m'khutu onse amene anamwalira ine kulibe, mmodzimmodzi, ndi amene anakwatiwa, ndi mitengo imene inagwa. Sanandifunse chimene ndinachedwera. Pena anandigwira khutu, monga ankachitira ndili mwana.

"Iwe, fulumirako. Akuti galimoto yako imauluka, mwini wake ukuyenda ngati nkhono."

Ndinathamanga, ndikulira, iwo akugundagunda kumsana n'kumaseka. Pamphambano mayi wa makasu uja anaimirira, kutiyang'ana, n'kuimitsa minibasi ndi dzanja lake.

Pachipatala tinapeza mzere wautali pakhonde, okalamba ambiri atamangidwa nsalu zoyera diso limodzi, ena akuwamasula n'kumaloza zinthu, kutchula mitundu ya malaya a adzukulu awo. Mtima wanga unayamba kukhazikika. Tinalowa omalizira, anamwino akulongedza kale makatoni.

Dokotala anali mayi wachikulire wolankhula mofatsa. Anawakhazika achemwali pampando, kuwaunika ndi katochi diso ili, diso ilo, kenako n'kusuzumira ndi makina ena nthawi yaitali. Anazimitsa katochi n'kukaika m'thumba.

"Mayi, chifunga chokhachi tikanachichotsa lero lomwe," anatero. "Koma kuseri kwa maso anu kuli matenda ena. Mtsempha wa lakumanzere unauma kalekale. Wa lakumanja wauma posachedwapa. Tikupatsani mankhwala odontheza kuti kuwala kumene mukukuonaku kusathe, koma kuona ndiye ayi. Chikhala munabwera chaka chatha, kapena chinacho, tikanalipulumutsa."

Achemwali anangoti, "Oo."

Dokotala anayang'ana pakhadi, kuona dzina la mudzi wathu, n'kupukusa mutu.

"Komatu si kutali kwenikweni kumeneku. Ife takhala tikubwera chaka ndi chaka. Chinavuta n'chiyani? Kunalibe choti mukwere?"

Ine ndinaima pakhomo, mapazi ali ndi matope, m'manja muli zikang'a za khasu. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, koma achemwali anandipitirira. Anawongola msana pampandopo, kukonza duku, n'kufufuza ndi dzanja mpaka atagwira mkono wanga.

"Chinalipo, adokotala," anatero. "Mlongo wangayu ali ndi galimoto."

Ananena monyadira, mokweza, kuti ndi apakhonde omwe amve.